Za Kuno Sizibwera pa Mayeso

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Kuno tilipo, ku yunivesite zikuyenda.

Masiku ano tikuphunzira nkhondo za mayiko akutali. Masana m'kalasi mukatentha, mawu a aphunzitsi amamveka ngati akuchokera pansi pa madzi, ine n'kumangoyang'ana pawindo. Nthawi zina ndimaona ngati achimwene akudutsa pabwalo, atavala malaya omwe aja a tsiku limene galimoto yopanda nambala inawatenga.

Dzana ndinakweza dzanja. "Aphunzitsi, nanga munthu akatengedwa konkuno, abale ake amakafunsa kuti?"

Anapukuta magalasi awo nthawi yaitali. "Zimenezo sizibwera pa mayeso, mwanangu."

Mayi akupereka moni. Akuti pa tchuthi chino musabwere kaye. Kunabwera anthu ena kudzafunsa za inu.

Ndine,
mwana wa mlongo wanu.