Mabatire awiri a giza

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lunzuko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ku Dubai thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Lachiwiri m'mawa giza ya gasi yotenthetsera madzi ija inakana kuyaka. Madamu atatsegula mpopi kuti asambe, madzi anatuluka ozizira. Anandiitana mokalipa, akuti ndaiwononga ndine popukuta fumbi. Ndinayang'ana silinda, gasi analimo. Nditatsegula mpopi, kaphokoso koyatsa moto kaja sikanamveke. Ndinakumbukira zimene munandiphunzitsa musanasiye ntchito m'nyumba muno, zoti kakakhala chete ndiye kuti mabatire awiri apansi aja atha.

Nditawauza, madamu anati, "Khalas, basi, usaigwirenso. Iwe ntchito yako ndi mopu."

Masiku awiri athunthu ndinkawiritsa madzi m'mapoto, n'kumakwera nawo masitepe kuti anthu asanu asambe. Msana ukuwawabe mpaka pano. Lachinayi kunabwera wokonza wochokera ku Ras Al Khor. Sanathe ndi mphindi zisanu zomwe. Anachotsa mabatire akale, n'kuikamo atsopano, moto n'kuyaka. Madamu anamupatsa juwisi wozizira, n'kumuthokoza kuti "shukran" mpaka katatu. Ine ndinali chiimire pakhomo pomwepo, koma sanandiyang'ane n'komwe.

Musawauze amayi zimenezi, angadwale ndi maganizo. Ingondipemphererani kuti zimene zili mumtimamu zisatulukire pakamwa. Mulungu akusungeni nonse.

Tambula imene anamwera wokonzayo ndinatsukanso ndine.

Ndine mng'ono wanu,
Tiyamike