Mbali yachiwiri ya kaseti ya atate

Lolemba, 14 Ogasiti

Loweruka tikuvundukula chiliza cha atate. Achimwene a Micheal alamula kuti anthu akamve mawu a malemu, ulaliki uja anaujambula pa kaseti ali mkulu wa mpingo. Kulamula amatha ndithu, koma wopalasa njinga ndi deki yoimbira makaseti kuchoka ku Zemba kukaikonzetsa pa boma ndine Lonia. Chinthu cholemera ngati thumba la feteleza! Atate anabwera nacho kuchokera ku migodi ndisanabadwe. Ankachifunditsa nsalu yakeyake, ife ana atatu tikulimbirana bulangete limodzi.

Lachiwiri, 15 Ogasiti

A Evans, okonza mawailesi pa msika, atangotsegula anaseka mpaka kutsokomola. Mkatimo mphemvu zinatsegula mpingo wawo. Lamba wozunguza kaseti anasungunuka kalekale, wasanduka phula. Akuti, "Amama, ichi nchakale, koma ncholimba kuposa amuna amasiku ano." Ndati musandiuze, ndinakhalapo naye mmodzi.

Lamba watsopano kulibe, adula mphira wa chubu cha njinga. Kamutu kowerenga tepi akapukuta ndi thonje loviika mu kachasu, ati sipiriti watha. Deki ya mkulu wa mpingo kulawa kachasu! Atate akanaona bwenzi atatiitanira bwalo tonse awiri.

Lachitatu, 16 Ogasiti

Yalira! Timivi tiwiri ta pagalasi tija tikugwedezeka ngati kale. Poyamba atate amalalikira mothamanga, mawu ngati a mtsikana wa kwaya. A Evans anapotokola kanthu pa mota pang'onopang'ono mpaka ndinakuwa, "Pomwepo!" Anali iwo enieni, ndi kakhosomole kawo komwe. Ndalira pa msika, ogulitsa tomato akundiyang'ana. Ndawasowa atate, ngakhale ankatikwapula.

Ndiye ulaliki utatha, ife tili pa macheza, deki inangoti khaa! Kani imadzitembenuzira yokha mbali yachiwiri. Atate ankaithimitsa msanga nthawi zonse, lero ndadziwa chifukwa. Ng'oma! Atate akutsogola nyimbo ya gule, azimayi akuvomera, nthungululu zili mbwee. Atate omwe aja ankati tikangosuzumira kubwalo la gule tasanduka akunja.

A Evans akuti, "Ulaliki wachiwiriwu ndiye wokoma."

Lachinayi, 17 Ogasiti

Pakamwa pangapa! Ndawauza achimwene. Mwezi wamawa akufuna kusankhidwa ukulu wa mpingo, ndiye nkhope yangoti gwaa. Ati mbali imeneyo ifufutidwe lero lomwe, abusa asanamve.

Ayesa kudina batani lofiira, lakana. Aimbira a Evans. Kani pamwamba pa kaseti pamakhala timano tiwiri, ukatithyola deki imakana kujambula pamwamba pa zakale. Atate anathyola tonse tiwiri. Ndati achimwene, mwaona? Mwini wake sankafuna kuti zifufutike. Iwo akuti a Evans anena kuti ukamata selotepi pa kabowoko zimatheka. A Evans nawonso, pakamwa ngati panga.

Akufunafuna selotepi, ine kaseti ndatulutsa, ndaibisa pachifuwa. Aitengepo tione. Kuseka kwa atate kuli mbali imeneyo basi, pa ulaliki saseka ngakhale kamodzi.

Lachisanu, 18 Ogasiti

Achimwene akandinenera kwa amama kuti ndikufuna kuipitsa dzina la malemu. Zomwe zili pa kaseti sanatchule, amangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Amama anali pakhonde ndi azimayi amvano, akusefa thobwa la mawa. Akuti, "Ine za makina sindidziwa. Ikani timve."

Ndalumikiza deki ku batire ya sola ndi sipika ya a Evans. Achimwene aima pakhomo, selotepi ili kale pachala. Ndadina.

Ng'oma zija. Azimayi amvano ayang'anana, wina wagwira pakamwa. Amama asiya kusefa, chipande chili m'manja. Ndinati basi, ndawapha mayi anga chiliza chisanavundukulidwe.

Kenaka akuti, "Kweza."

Ndakweza. Akuti, "Mawu aang'ono ali pamwamba pa azimayi onsewo mukuwamva? Ndine ameneyo. Anali maliro a agogo anu ku Pembamoyo. Ndinali ndi mimba yako, Micheal, ndipo unkavina m'mimbamo kuposa aliyense."

Achimwene akuti, "Koma amama, abusa..."

"Ngati nkufufuta, fufuta ulalikiwo. Ndinaumva zaka makumi anayi, m'tchalitchi ndi kuchipinda komwe. Iyi usakhudze."

Nyimbo itatha amama aika chipande pansi, amanga chitenje bwinobwino, aimirira ndi mawondo awo odwala aja.

"Bweza, Lonia. Atate ako anandisiya pa chiyambi paja, ndinalowa mochedwa."