Wa ku Khonsolo Adadya Mbira Zathu

Lolemba, 3 Juni

Kalata yabwera. Lachinayi a khonsolo atumiza munthu kudzaona khitchini yathu yophikira anthu ovutika kuphiri kuno. Akakhutira, tilowa m'kaundula wa olandira mpunga, mafuta ndi mphodza mwezi uliwonse. Zaka zitatu tikupempha! Anthu 74 amadya pano masana, ndipo zomwe amatigawira amayi a kumsika zikuchepera. Lero mapazi a nkhuku asanu ndi atatu mumphika wonse uja. Comadre Teodora, omwe anaimira mwana wanga pa ubatizo, akuti nkhukuyo inangodutsamo ikuthawa.

Lachitatu, 5 Juni

Msana wanga! Doña Hermelinda, apampando athu, akuti, "Ndife osauka, koma mlendo salandiridwa ngati galu." Tabwereka sitovu ya gasi kutchalitchi, tabisa mafuwa ndi mabokosi omwe timasonkhera moto, patebulo tayala nsalu yoyera. Doña Hermelinda apha mbira zawo ziwiri zomwe amasungira ubatizo wa mdzukulu. Kumudzi kwathu ku Ayacucho munthu wolemekezeka amadya mbira, basi. Palibe watsutsa, ngakhale ine.

Lachinayi, 6 Juni

Wabwera, Señor Wílmer Paucar, ali wefuwefu ndi masitepe athu. Wadya mbira zonse ziwiri mpaka kunyambita zala, ati zikukoma ngati za mayi ake. Wajambula sitovu, mbale, ndi ife titavala masiketi a paphwando, mano onse pamtunda. Anthu odzalandira chakudya ndinawauza ndine kuti adikire kuseri kwa thanki yamadzi mpaka mlendo atapita. Ndimati asamupanikize.

Lachiwiri, 11 Juni

Atikana.

Lachitatu, 12 Juni

Dzulo sindikanatha kulemba zambiri. Pepala lawo likuti khitchini ili ndi gasi, imaphika nyama, ndipo mzere wa anthu sunaoneke. Nyama! Nyama yomwe inathera m'mimba mwake!

Tatsikira kukhonsolo atatu. Mtsikana wa pazenera, maso ali pafoni: "Mamita, zithunzi sizinama. Lembani dandaulo." Teodora akuti, "Mwana iwe, udakwerako phiri lija?" Iye, "Wotsatira!"

Pobwerera, pa sitepe yomaliza, Doña Hermelinda atembenukira kwa ine. "Epifania, ndapha anthu ndi ulemu wanga." Ndawauza kuti tinalakwa tonse. Koma mumtima ndikufunsa, kulandira bwino mlendo kunasanduka mlandu liti?

Loweruka, 15 Juni

Teodora akuti ulendo wina tidzawapake ana matope, tidzawavule nsapato, ndipo eni akewo adzalira pakhomo ngati pamaliro. "Akufuna umphawi wooneka, comadre, tiwapatse." Ndaseka, kenako ndakwiya. Mwana wanga sadzavula nsapato chifukwa cha botolo la mafuta. Iwo akuti manyazi anapha lambe. Tasiyana osatsanzikana.

Dandaulo ndalemba ndekha, masamba awiri.

Lachinayi, 20 Juni

Izi ndiye zandipsetsa mtima. Chithunzi chathu chija achiika pa tsamba la pa intaneti la khonsolo, pansi pake alemba kuti khonsolo ikusamalira makhitchini a m'mapiri. Kumsika aliyense wachiona. Mayi wa mbatata wandiuza, "Inu zanu zayera, doña, lero ndipatsa ena." Ndalumbira pa Mulungu kuti sitinalandire ngakhale njere ya mpunga, koma wangondionetsa foni. Ndine ndemwe pamenepo, ndikumwetulira pafupi ndi mbale ya mbira.

Ndakwera phiri thumba lili pepuu.

Lachisanu, 21 Juni

Phala lamadzimadzi, ana okha. Akuluakulu tawabweza.

Lolemba, 24 Juni

Lero sitinasonkhe n'komwe moto, panalibe choti tiphike. Chifunga chili tolo, koma anthu abwerabe ndi zitini zawo, mzere mpaka kumasitepe. Tinali kukankhizana kuti akawauze ndani.

Ndiye watulukira Señor Paucar, osachenjeza, ati wabwera pa za dandaulo lija. Wasuzumira m'poto, wagwira phulusa lozizira, watulutsa cholembera. "Doña Epifania, lamulo likuti khitchini yomwe sikuphika tsiku loyendera ndilembe kuti inatsekedwa."

Nditaphika, akuti ndife olemera. Nditapanda kuphika, akuti kulibe khitchini.

Ndanyamula chipande chachikulu chija, ndamuikira m'manja, pamwamba pa mapepala akewo. "Lembani bwino, señor. Koma yambani mwawagawira. Mukawauze nokha kuti kulibe."

Ndatsegula chitseko. Woyamba pamzere anali Don Saturnino, mkulu wosaona wa kumapeto kwa phiri. Wamva chitseko, watambasula chitini chake kwa munthu wogwira chipande.

"Pang'ono pokha, mwanangu," watero, "ena atsale nazo."

Señor Paucar wangoima, chipande m'manja. Cholembera chake chagwera m'phulusa, ndipo palibe wamutolera.