A Cholembera Atisiya, Kachipinda Kawo Kali Kokhoma

"Agogo, bwanji anthu amene mumawaphunzitsa sakhala mabwana?" Mdzukulu wawo anafunsa choncho tsiku lina, iwo akupukuta nsapato za kuntchito, ndipo agogowo anangoseka. Lero Bungwe la Alonda, modzidzimuka ndi mosweka mtima, likudziwitsa abale ndi anthu onse kuti mkulu wathu, amene tinkawatchula kuti a Cholembera, anatisiya Lachiwiri m'mawa, funso la mwanayo lisanayankhidwe.

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu anaima pageti, cholembera chili kukhutu. Lachisanu lililonse ankatenga mlonda watsopano n'kumuimika kutsogolo kuti alamule perete, iwo n'kukaima pamzere ngati wina aliyense. Ankamupatsanso buku la zochitika kuti alembe yekha. "Lemba, mphwanga," ankatero, "geti ngakhale mphepo imatsegula." Alonda oposa makumi anayi anaphunzira kulemba lipoti m'kachipinda ka kuseri kwa ofesi, pa benchi lothyoka mwendo.

Akuluakulu a kampani imene ankagwirako ntchito atumiza nkhata ya maluwa, ndipo tailandira mwaulemu, koma asayese kuti maluwa angatitseke pakamwa. Ndi iwo amene anakhoma kachipindako mwezi wathawu, amvekere mlonda wodziwa zambiri amavuta. Ndi iwo amene kanayi konse analumpha ophunzira a malemuwa n'kubweretsa woyang'anira wochokera kunja, wosadziwa n'kugwira komwe wailesi yolumikizirana alonda, n'kulamula malemu omwewo kuti amuphunzitse. Ndipo galimoto imene inabweretsa maluwayo ndi yomweyonso inadzaitanitsa yunifomu ndi nsapato za malemuwa, maliro ali m'nyumba. Ife sitifulumira kuweruza munthu, koma izi taziona ndi maso, ndipo tazilemba m'buku monga anatiphunzitsira.

Kwa inu mayi athu amene mwatsala, ana ndi adzukulu, m'malo mwa mamembala onse tikuti pepani kwambiri. Chauta akulimbitseni mitima m'masiku owawitsawa, pakuti amene mukulira inu ndi amenenso tikulira ife.

Dzulo, anthu atabalalika, mlonda wina wamkazi woyandikana nawo nyumba, amene anakanidwa kawiri kukwezedwa, analankhula ndi mayiwo pampanda.

"Amayi, kiyi wa kachipinda kaja mabwana atenga. Ndiye kuti sukulu ija yafera pomwepo?"

"Khonde langa lilibe kiyi, mwanawe. Ubwere nawo anzako Lachisanu."

"Ndibwera nawo. Watsopano ndiye adzaime kutsogolo, monga ankachitira bambo."

"Ubwere ndithu. Cholembera chawo ndikusungira."

Wapampando,
Bungwe la Alonda