Kabotolo ndi Kangiri wa Ababa

Lolemba, 8 Januwale

Tabwerako ku Srinagar. Ababa ayamba mankhwala a khansa yawo ya m'matumbo. Diripi ya kuchipatala yatha bwino, kwatsala kabotolo kobwera nako kunyumba, kokhala ndi baluni mkati, kachubu kake kolowa mumtsempha wa pachifuwa. Anesi, a Nighat, akuti kazidontha pang'onopang'ono mpaka Lachitatu m'mawa, magazi azinyamula mankhwalawo kukafikitsa pachotupa. Chikaphwa, opaleshoni mu Malichi. Chikapanda kuphwa, madokotala sachikhudza.

Amanenanso zina ine ndikumanga chikwama. Ndimaphunzitsa sayansi ine, baluni angandivute?

Kunja madzi aundana m'mipope. Kabotolo ndakalowetsa mkati mwa ferani, mkanjo wawo waubweya uja, kuti kasazizidwe.

Lachiwiri, 9 Januwale

Mankhwala afika kale ku zala za Ababa. Akakhudza kapu yozizira akuti zikuchita ngati magetsi. Amayi akungowonjezera makala mu kangiri, Ababa n'kukumbatira kambaula kawoko pamimba, mkati mwa ferani, monga achitira chisanu chilichonse.

"Mkazi wanga wamkulu ndi uyu," akutero.

Amayi: "Ndiye akuphikireni tiyi yemweyo."

Madzulo ndasuzumira, baluni wafota. Mulibe ndi dontho lomwe, chonsecho kunatsala maola oposa khumi. Ndaimbira a Nighat. Funso lawo loyamba: "Kangiri ali pati?" Akuti kabotolo kakatenthedwa mankhwala amathamanga, ndipo anandiuza dzulo.

Loweruka, 13 Januwale

Zilonda mkamwa monse, kutsekula m'mimba kosalekeza. Mankhwalawa sasankha. Akalowa mwaunyinji amawotcha paliponse magazi afika, ndi matumbo abwinobwino omwe. Tiyi wawo wamchere alephera kumwa lero. Ndalira kubafa.

Lolemba, 22 Januwale

Kuchipatala atibweza osapereka mankhwala achiwiri. Asilikali a m'magazi achepa kwambiri. Adokotala atipatsa sabata imodzi. Asilikaliwo akapanda kukwera, za Malichi tiiwale.

Mugalimoto ndaulula kuti a Nighat anandichenjeza, ine osamvera. Tikufika pamlatho, Ababa akuti:

"Iwe unaika botolo, amayi ako makala, ine mimba. Atimange tonse atatu."

Lachinayi, 25 Januwale

Msuzi wa mafupa a nkhosa, mbale ziwiri mbee. Ababa ayambanso kukangana ndi wailesi. Magazi akwera basi, ndikudziwa. Ndasoka kathumba ka kabotolo kunja kwa ferani, ndipo nthawi ino ndayamba ndafunsa a Nighat.

Lolemba, 29 Januwale

Asilikali akwera. A Nighat abwereza malangizo onse, ine ndikulemba ngati mwana wa kalasi yoyamba. Kabotolo kachiwiri kali m'kathumba.

Titafika kunyumba zala zayambanso. Kangiri anali pakhomo, makala ali psuu. Ababa amuyang'ana nthawi yaitali, kenako amunyamula n'kundipatsa.

"Kamusunge kwa azakhali ako. Akakhala muno ndimuba."

Akhala pamkeka, manja akunjenjemera, mano akugundana. Amayi, amene sindinawaonepo akukhudza Ababa pamaso pathu chibadwire changa, asendera pafupi, atenga manja awiriwo n'kuwapisa m'khwapa mwawo.

"Mkazi wamkulu wapita," atero Amayi. "Khalani bwino, musagwedeze botolo."