Makompyuta Amene Anasiya Kuyankha

Lolemba, 10 Novembala

Funso la sabata ino ndiliike bwino ndisanagwire chilichonse: tidzadziwa bwanji kuti kompyuta imene yalandira sisitimu yatsopano ili bwino? Mayankho alipo awiri. Loyamba, yanena yokha kuti ili bwino. Lachiwiri, sinadandaule. Awiriwa amafanana nkhope, koma si pachibale.

Ntchito yake ndi iyi: kusintha sisitimu pamodzi ndi malaibulale ake, timapulogalamu tapansi timene mapulogalamu ena onse amatsamira, pa makompyuta a nthambi zathu zonse zosungira magazi. Ena mwa makompyutawa amalondera kuzizira kwa mafiriji, ndipo amaliza belu kukayamba kutentha. Ndapempha kuti tiyambe ndi ochepa. Abwana akana. Akuti sisitimu yakaleyo eni ake anasiya kuiteteza, khomo lili pululu. Onse pamodzi, mawa. Mfundo yawo si yopusa. Ndasayina.

Lachiwiri, 11 Novembala

Tatumiza m'mawa kudzera pa netiweki. Pofika masana bolodi la pakhoma, limene kompyuta iliyonse ili ndi kabokosi kake, lonse biriwiri. Chipewa, mnzanga wa desiki yoyandikana nane, amvekere: "Apulofesa, nkhope mwaikwinyiranji? Kapena mumafuna kofiira kamodzi koti mukalembere buku?"

Mng'ono wanga waimba. Mwana wagona mopingasa m'mimba mwake, opaleshoni Loweruka. Magazi ake ndi a gulu losowa, choncho amusungiratu ku nthambi yoyandikana ndi chipatala chake. Akuseka: "Akulu, magazi angawo muli nawo inu. Musamwe."

Lachitatu, 12 Novembala

Biriwiri. Foni yodandaula ngakhale imodzi. Ntchito yaikulu chotere sinadutsepo mwakachetechete.

Lachinayi, 13 Novembala

Timabokosi ta pabolodi takula. Ndinayamba ndakayikira magalasi anga, kenaka ndaika chala: kale kabokosi kankabisika ndi chala chachikulu, lero m'mbali mukutsala. Bolodi limagawa malo molingana ndi kuchuluka kwa makompyuta. Ngati timabokosi takula, makompyuta achepa.

Ndafunsa Chipewa. Wakanda m'mutu. Akuti chaka chatha abwana anatopa ndi kufiira kwa makompyuta otayidwa, ndiye anaika lamulo: kompyuta ikakhala chete tsiku lathunthu, bolodi liziyesa kuti inatayidwa, liziichotsa. Tsikulo lisanathe, bolodi limangosonyeza mawu ake omaliza.

Ndilondoloze modekha. Kapulogalamu kamene kamatuma uthenga kubolodi kamatsamira laibulale imene tasintha. Kumene kusinthako kwalephera, wa mthengayo wafera limodzi ndi mwini uthenga. Mawu ake omaliza anali akuti ndili bwino. Motero bolodi silinaname: onse amene atsalapo alidi bwino.

Abwana ali ku msonkhano, foni yozimitsa. Chipewa waleka nthabwala.

Lachisanu, 14 Novembala

Takhala tikuitana makompyuta imodziimodzi. Ambiri osowawo ndi a m'maofesi, ndipo eni ake anangosamukira pa ya mnzawo osauza munthu. Koma pa osayankhawo palinso ya mafiriji a ku nthambi ya mng'ono wanga.

Ndaimbira mayi wa ku labu ya kumeneko.

"Kompyuta ya pakona ija? Yangoti bii kuyambira Lachiwiri, mayi. Timati ndinu mukukonza. Si munatiuza kuti tisakhudze?"

Zoona, tinawauza.

"Nanga belu?"

"Silinalire."

Silikanalira. Ndafunsa za firiji. Akuti panopa ikuzizira bwinobwino, nambala ya pachitseko ili m'malo mwake. Kenaka, ngati nkhani yapadera: magetsi anathima Lachitatu masana, jenereta inachedwa kudzuka. Kwa nthawi yaitali bwanji? "Aa, kanthawi ndithu. Ena akuti pang'ono."

Magazi amene anatenthapo n'kuziziranso saoneka ndi maso. Kuwataya onse, a gulu la mng'ono wanga kwina kulibe pafupi. Kuwasunga, ndiye kuti ndikukhulupiriranso chinthu chifukwa chakuti sichinadandaule.

Mng'ono wanga waimbanso ali pa bedi la kuchipatala, chikwama cha mwana chili pambali. "Akulu, zonse zili m'malo?"

Ndati ndimuimbira. Nambala ya dokotala wake ndayilemba kale pafoni, chala chili pamwamba pake. Kodi munthu amanena chiyani za chinthu chimene palibe anachiyeza?