Kope la a Brodersen

Lolemba, 4 Malichi
Kalata ya eni nyumba. Akuti ine ndi mwamuna wanga Hinnerk timachita krakeelen, kulongolola mokweza ngati zidakwa. Tikadzayambiranso pa nthawi yopuma masana, 1 mpaka 3 koloko, tidzasamuke. Zaka 38 m'nyumba muno! Umboni aphatika pomwepo: masamba a kope la a Brodersen, okhala pansi pathupa. Amalemba tsiku, ola, ngakhale mawu amene. Kusowa chochita.

Lachitatu, 6 Malichi
Ndatsegula dikishonale ya malemu bambo. Akuti liwu la krakeelen lija n'lakuno kumpoto, cha ku Hamburg, lathu ndi a ku Holland, ndipo mwina analiwanditsa ndi asilikali aganyu akale. Likamanena zakale limakana kachidutswa ka ge- kamene anzake amavala kutsogolo. Krakeelt, basi. Liwu lamakani, ndalikonda.
Hinnerk akuti: "Gesa, zaka makumi atatu ukukuwa pogulitsa nsomba pa msika wa Hamburg, lero unong'one?"

Lamulungu, 10 Malichi
Tikunong'ona ndithu, poopa kugona panja. Takangana za mchere wa mu supu motsitsa mawu. Sizinakome.

Lachisanu, 15 Malichi
Sitiroko. Hinnerk wagwa pa masitepe atanyamula mbatata. Adokotala akuti mawu mwina abwerera, mwina ayi.

Lachinayi, 4 Epulo
Watuluka m'chipatala. Amangondiyang'ana. A Brodersen pa khomo: "Masiku ano kuli bata, Mayi Tiedemann." Pang'onong'ono ndiwakwapule ndi ambulera.
Ndatulutsa masamba awo aja. Ndi mokhamo mmene mwatsala mawu a Hinnerk. "12 Febuluwale, 1:40, mwamuna: Supu ameneyu watunga kunyanja yamchere?" Ndamuwerengera onse. Ndalira, sindibisa.

Lachiwiri, 23 Epulo
Milungu itatu ndikuthira dala mchere wambiri mu supu, iye n'kumangomeza. Lero ndathira dzanja lonse. Walawa, maso psuu, milomo kunjenjemera. Kenako:
"Mfiti iwe! Mchere!"
Mpaka makapu kulira pa shelefu.
Ndayang'ana wotchi. 1:20. Kalata ija sindinaiwale, ili pafiriji pomwepo. Ndatsegula zenera lonse.
"Bwereza, nkhalamba iwe, a Brodersen sanamve!"
Wabwereza kawiri.
Atithamangitse ngati akufuna. Koma a Brodersen alembe bwinobwino, tsamba la leroli ndikulifuna.